Elias Bredsdorff ndi Nthano za Andersen m'Chingerezi

Ambiri a inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi munamvapo nthano ya kabakha konyozeka kamene kanakula nkukhala mbalame yokongola, kapena ya mfumu ija inayenda pamsewu yosavala anthu akuitamanda. Mwini nthano zimenezi ndiye Hans Christian Andersen wa ku Denmark, amene anabadwa mu 1805 namwalira mu 1875. Koma pano tifuna kupenda ntchito ya munthu wina wa dziko lomwelo, Elias Bredsdorff, amene anakhala zaka 33 ku England akuuza Angerezi kuti Andersen amene iwo ankawerenga sanali Andersen weniweni.

Bredsdorff anabadwira ku Roskilde mu 1912. Asanatuluke m'dziko lakwawo anaphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ku Vordingborg, ndipo Ajeremani atalanda Denmark mu 1940, iye anali mmodzi wa anthu amene ankalimbana nawo mobisa. Mu 1946 anapita ku London kukaphunzitsa Chidanishi pa University College, nasamukira ku Cambridge mu 1949. Kumeneko anatsogolera maphunziro a zinenero ndi mabuku a maiko a Scandinavia kuyambira mu 1960 kufikira pamene anapuma mu 1979. Anamwalira mu 2002.

Mlandu umene iye anaimba otembenuza oyamba ndi uwu. Andersen, potulutsa nthano zake zoyamba mu 1835, anazilemba monga momwe munthu alankhulira pofotokozera ana nkhani madzulo: mawu achidule, odumphadumpha, ndi nthabwala zina zimene mwana sazimva koma wamkulu wokhala kumbuyo aseka. Anthu ophunzira a ku Denmark poyamba anamdzudzula kuti kalembedwe kotere nkosayenera m'buku. Tsono nthanozo zitafika m'Chingerezi mu 1846, kudzera mwa Mary Howitt, Charles Boner ndi Caroline Peachey, zinafika zitavekedwa zovala za ku tchalitchi. Mawu achidule aja anatalikitsidwa, zowawa zinafewetsedwa, ndipo ena mwa otembenuza anatsata mabuku a Chijeremani m'malo mwa Chidanishi. Howitt analakwitsa ngakhale dzina la mlembi, nalemba Anderson.

Chitsanzo chimodzi chikwanira. M'nthano ya mwana wamkazi wa mfumu amene analephera kugona, Andersen anaika kanjere kamodzi ka nsawawa pansi pa matiresi 20 ndi zofunda zanthenga 20. Boner, potsata Mjeremani wina, anaikapo njere zitatu, ati kuti nkhani ikhulupirike. Taonani kusamvetsa kwake! Kukoma kwa nthanoyo kuli pa kanjere kamodzi komweko, pakuti mlembi akuseka anthu apamwamba amene ayesa kudandaula ndi zazing'ono kukhala chizindikiro cha ufumu. Woonjezera njere aonetsa kuti nthabwalayo yampita. Ndipo popeza ife tilandira Andersen kudzera m'Chingerezi, mphunzitsi womfotokoza m'Chichewa angathe kukhala munthu wachitatu kapena wachinayi pa mzere wopatsirana nkhani, osadziwa chimene chinagwa panjira.

Pa mfundo imeneyi tiyesa kuti Bredsdorff analondola, ndipo anali woyenera kuinena, pokhala munthu woyamwa Chidanishi amene anadziwanso Chingerezi bwino lomwe. Anaonetsa kuti chifukwa cha matembenuzidwe aja Angerezi anamtsekera Andersen m'chipinda cha ana, pamene kwawo awerengedwa ndi akulu omwe monga mlembi wamkulu wa fuko. Komabe tiona ngati anawalemetsa mlandu otembenuzawo. Iwo analemba monga momwe makolo a nthawi yawo ankafunira mabuku a ana, ndipo mabuku awo olakwikawo ndiwo anatchukitsa Andersen, kotero kuti pofika ku London mu 1847 analandiridwa ngati mlendo wodziwika kale.

Dandaulo lathu lalikulu lili pa buku lake lotchuka, Hans Christian Andersen: The Story of His Life and Work, la mu 1975. Mbali yaikulu ya bukuli ilondola moyo wa Andersen, kuchokera ku umphawi wa ku Odense kumene atate wake ankasoka nsapato, kufikira maulendo ndi makalata ake, ndipo nthano zenizenizo zapatsidwa malo ochepa chakumapeto. Bredsdorff anali mlenje wa makalata akale, ndipo luso limenelo lioneka kale m'buku lake la mu 1956 lofotokoza ubwenzi wa Andersen ndi Charles Dickens. Mmenemo muli nkhani ya mu 1857, pamene Andersen anaitanidwa kukacheza milungu iwiri kunyumba ya Dickens ku Gad's Hill nakhalako milungu isanu, mpaka eni nyumba anatopa naye ndipo ubwenzi unazirala. Nkhaniyo njokoma, ifenso tinaseka poiwerenga, koma owerenga ambiri akumbukira mlendo wosadziwa kutsazika naiwala mmisiri wa mawu. Wophunzira amene nthawi yamchepera ayambire bukuli la mu 1975 chakumapeto, pamene Bredsdorff aika mawu a Andersen pambali pa mawu a otembenuza ndi kuonetsa chimene chinatayika.