Mbalame za Mwala ndi Mabuku Awiri

Pa mabwinja a Great Zimbabwe, pafupi ndi Masvingo, panapezeka mbalame zisanu ndi zitatu zosemedwa pa mwala wofewa. Mudziwo unali pa ulemerero wace kuyambira ca m'ma 1100 kufikira ca m'ma 1450. Mbalamezo zinaimikidwa pa mizati, ndipo zina ziri ndi milomo kapena zala zonga za munthu. Cifukwa cace akatswiri ambiri amati zinali zizindikiro za mizimu ya mafumu.

Theodore Bent anakumba pamalopo m'caka ca 1891, natenga mbalame zingapo zimene pambuyo pace zinakasungidwa ku Cape Town. Buku lace, The Ruined Cities of Mashonaland, linatuluka mu 1892. Nlokoma kuwerenga, ndipo anthu ambiri analikonda, koma colakwa cace ncacikuru: mlembiyo anaweruza mlandu asanamve mboni. Sanakhulupirire kuti anthu akuda angathe kumanga malinga otere, cotero anati omanga ace anali alendo ocokera kutsidya kwa nyanja, monga Afoinike kapena Aarabu.

Gertrude Caton-Thompson anabwera mu 1929. Iye anafukula dothi pang'onopang'ono, nalemba malo amene phale kapena mkanda uliwonse unapezeka. Buku lace la 1931, The Zimbabwe Culture, linatsimikiza zimene David Randall-MacIver ananena mu 1905, kuti mudziwo unamangidwa ndi anthu a m'dzikomo. Bukuli nloona, koma nlolemera. Linalembedwera ophunzira kwambiri, ndipo zidzukulu za omangawo sizinaliwerenge.

Apa ndipo pagona bvuto. Bodza linalembedwa mokoma ndipo linayenda mofulumira, pamene coonadi cinatsalira m'nyumba za mabuku. Boma la Rhodesia linapezerapo mpata, nilikakamiza kuti timabuku ta alendo tisanene poyera kuti omangawo anali Aafirika. Peter Garlake, katswiri amene anakana kubisa zimenezi, anacoka m'dzikolo mu 1970.

Mbalame zinai zinabwezedwa kucokera ku South Africa mu 1981, ndipo Germany inapereka cidutswa ca ina mu 2003. Kubweza mwala nkwabwino, koma sikukwanira pakokha. Wofukula zakale amene wapeza coonadi ali ndi ngongole ina: kucifotokoza m'cinenero ca eni ace, m'sukulu ndi pa bwalo la mudzi, kuti mwana woona mbalameyo pa mbendera ya Zimbabwe adziwe amene anaisema ndi cifukwa cace.