Buku la Agogo Oyendera Madzi: Zotengapo ndi Zosiya

Aphunzitsi, m'madera ozungulira nyanja zikuluzikulu zisanu za ku North America muli mwambo wakuti anthu a dera limodzi asankhe buku limodzi, aliwerenge nthawi imodzi, kenaka akumane m'malaibulale ndi m'masukulu kukambirana za madzi ao. Limodzi mwa mabuku a ana osankhidwa motere ndi The Water Walker, limene analemba ndi kujambula ndi Joanne Robertson mu 2017. Tiliunike kuti tione cimene lingatiphunzitse pa nchito yathu yophunzitsa kuwerenga m'Cinyanja.

Bukuli likamba za Josephine Mandamin, mai wa mtundu wa Anishinaabe wa ku Canada, amene anamwalira mu 2019. Mu 2003 iye ndi azimai anzake anayenda pansi kuzungulira nyanja ya Superior atanyamula ndowa ya mkuwa yodzaza madzi, kuti anthu aleke kuononga madzi. M'zaka zotsatira anazungulira nyanja zinanso.

Mphamvu yoyamba ya bukuli ndi yakuti mwini nkhani ndi agogo. Mwana aliyense awadziwa agogo, ndipo nkhani ya kusamala madzi ikafika kudzera mwa iwo, mwana aimva monga za kwao. Yaciwiri ndi cinenero. Ngakhale bukuli lili m'Cingelezi, mau ofunika kwambiri anasiyidwa m'cinenero ca eni ake: agogo ndi Nokomis, madzi ndi Nibi. Mwana wa mtundu umenewo apeza mau a kunyumba pa tsamba losindikizidwa, ndipo adziwa kuti cinenero cake ncoyenera kukhala m'buku. Yacitatu ndi mathero, amene asiyira wowerenga funso la zimene iye adzacitapo. Funso lotere litsegula kukambirana.

Zofooka ziliponso. Nkhani ithamanga pa maulendo ambiri, ndipo mwana wa zaka 6 kapena 7 sangathe kuyerekeza kutalika kwa mitunda imeneyo. Ndiponso bukuli silinalembedwe motsata mvekero zimene mwana waphunzira. Ndi buku lakuti wamkulu awerengere ana mokweza. Mukalipereka kwa mwana wa Giredi 1 kuti adziwerengere, adzangoloza zithunzi nkumalota mau.

Colakwa cacikulu cimene tingacite ndi kungolimasulira m'Cinyanja nkuganiza kuti tamaliza. Bukuli ligwira mtima kumeneko cifukwa owerenga amwa madzi a nyanja zimene likamba. Mwana wa ku Katete kapena ku Petauke sanaionepo Superior, ndipo ambiri sanafike ngakhale ku Kariba kapena ku Bangweulu. Madzi amene awadziwa ndi a pacitsime, a padambo, a kudimba ndi a kamtsinje kamene kauma m'Okutobala. Nkhani yathu iyambire pamenepo.

Tsono tengani njira yake, nkhaniyo mulembe yanu. Itanani agogo a m'mudzi afotokoze za mtsinje wapafupi: dzina lake linacokera kuti, kale unali kuuma mwezi uti, munali nsomba zanji. Inu lembani mau ao m'mitundu iwiri. Woyamba ukhale nkhani yathunthu yowerengera ana ndi makolo mokweza. Waciwiri ukhale wa ziganizo zifupizifupi za mvekero zimene ana afikapo, monga "Amama atunga madzi." Kumbukirani kuti liu lakuti madzi lili ndi dz, ndipo mtsinje lili ndi mts ndi nj. Ngati simunaphunzitse mvekero zimenezi, mauwo akhale a pakamwa ndi a pacithunzi cabe mpaka nthawi yake ikwane.

Pambuyo pake tsatani madziwo ndi ana pa bolodi. Ku Mambwe, mwacitsanzo, timitsinje tithira mu Lupande, Lupande athira mu Luangwa, Luangwa akumana ndi Zambezi pa boma la Luangwa, ndipo Zambezi apyola Mozambique nakathira m'nyanja ya mcere. Mwana wa mu Lusaka adziwe kuti gawo la madzi a m'mipopi ya mumzinda licokera ku Kafue. Akamvetsa ulendowu, adzaona yekha kuti codetsa cotayidwa kumtunda cipeza anthu a kunsi.

Nkhaniyi si yosewera. Kuciyambi kwa 2024 masukulu anacedwa kutsegula cifukwa ca kolera, ndipo caka comweco kucepa kwa madzi mu Kariba kunabweretsa kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri. Ana athu anaziona zimenezi. Komabe cenjerani kuti phunziro la kuwerenga lisasanduke ulaliki wa zaukhondo. Msonkhano wa makolo ukhoza kudzaza, nyimbo zikhoza kuimbidwa, koma ngati mwana sanawerenge ciganizo ngakhale cimodzi payekha, nchito yathu sinacitike.

Pothera pa zonse dzifunseni mafunso awiri. Kodi mwana aliyense wawerenga yekha mau amene sanali kuwadziwa sabata yatha? Kodi atha kuchula dzina la mtsinje wa kwao ndi kumene madzi ake apita? Lembani mayankho pa dzina la mwana aliyense, kuti mudziwe amene afunika thandizo sabata ya mawa.