Nkhope Ziwiri za Wowerenga Nkhani wa m'Filimu

Wochita zisudzo akapatsidwa gawo la wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema, amasenza ntchito ziwiri pakamodzi. Ayenera kuonetsa munthu wodekha amene dziko limamukhulupirira nthawi ya nkhani ikakwana, komanso munthu yemweyo kamera ikazimitsidwa, ali ndi mantha ake ndi dyera lake lofuna kutchuka. Mafilimu a ku America amene anapambana pa nkhaniyi ndi amene anafufuza mpata wa pakati pa nkhope ziwirizi.

Broadcast News, filimu ya mu 1987 yomwe analemba ndi kutsogolera James L. Brooks, imaonetsa lusoli bwino kwambiri. William Hurt akusewera ngati Tom Grunick, mnyamata wamaonekedwe abwino yemwe amavomera yekha kuti zambiri zimene amawerenga sazimvetsa. Albert Brooks akusewera ngati Aaron Altman, mtolankhani wodziwa zinthu koma wosayanjana ndi kamera. Tsiku lina kukugwa nkhani yadzidzidzi yokhudza ndege yankhondo ya ku Libya. Tom ali pa desiki, mkonzi Jane Craig akumunong'oneza kudzera pa kachipangizo ka m'khutu, pamene Aaron ali kunyumba akuimbira Jane foni kumupatsa mfundo. Apa Hurt akumvetsera uku akulankhula, maso osachoka pa kamera, ndipo nzeru za anzake zikutuluka pakamwa pake ngati zakezake. Woonera filimuyo amasirira lusolo, kwinaku akuda nkhawa kuti anthu akukhulupirira munthu wongobwereza zonong'onezedwa.

Aaron atapeza mwayi wowerenga nkhani za kumapeto kwa sabata, Tom anamulangiza kuti akhalire m'munsi mwa jekete kuti isatukuke m'mapewa. Jeketeyo inakhaladi bwino, koma thukuta linayenderera mpaka malaya kunyoweratu owonera akuona.

Pachimake pa filimuyi pali misozi. Tom anacheza ndi mayi wina wogwiriridwa, ndipo lipoti lake linamuonetsa iye akulengeza misozi. Koma kamera inali imodzi yokha, yolunjika kwa mayiyo. Nanga misozi ya Tom inajambulidwa bwanji? Jane atayang'ana tepi yonse anapeza kuti Tom anaitulutsa dala macheza atatha. Hurt anayenera kulira m'njira yoti tikhulupirire poyamba, kenako tidzazindikire tokha kuti tinapusitsidwa.

The Larry Sanders Show, yomwe inkaonetsedwa pa HBO kuyambira 1992 mpaka 1998, inaika kusiyanaku m'kajambulidwe kenikeni. Zigawo zimene Garry Shandling, yemwe akusewera ngati Larry Sanders wotsogolera pulogalamu ya macheza, akucheza ndi alendo pamaso pa anthu ankazijambula pa vidiyo yowala, pamene za kuseri, kumene Larry amanjenjemera ndi zonena za anthu, ankazijambula pa filimu. Diso limadziwa lokha kuti tsopano tili ndi Larry uti. Shandling ankaidziwa ntchitoyi chifukwa ankagwirizirapo mpando wa Johnny Carson pa The Tonight Show.

Mu Network ya mu 1976, Sidney Lumet ndi mlembi Paddy Chayefsky anagwetseratu mpanda wa pakati pa nkhope ziwirizi. Wowerenga nkhani Howard Beale atauzidwa kuti ntchito yatha poti owonera achepa, akulengeza pa kanema kuti adzipha. Mabwana ataona kuti ukali wake ukukoka anthu, akuusandutsa malonda. Peter Finch, yemwe anasewera gawoli, anamwalira mu Januwale 1977 ndipo anapatsidwa mphoto ya Oscar ali kale m'manda.

Poyerekeza ndi zonsezi, The Newsroom ya Aaron Sorkin, yomwe inayamba mu 2012, imaperewera penapake. Jeff Daniels ndi katswiri, ndipo gawo la wowerenga nkhani Will McAvoy linamupezetsa mphoto ya Emmy mu 2013. Vuto lili pa kalembedwe: McAvoy amalankhula mwanthetemya chimodzimodzi mu situdiyo, mu ofesi ngakhale pokangana ndi mkonzi wake MacKenzie McHale. Daniels anapatsidwa mawu ochuluka okoma, koma anamanidwa mphindi zija zimene Hurt ndi Shandling anazigwiritsa ntchito mwaluso, pamene kamera yangozima ndipo nkhope ikusintha.