Ilire ng'oma ya Muthumari, Mayi woziziritsa odwala a ku London

Du-du-du! Didi-didi-du! Kungani chikopa, inu a ng'oma ya thavil, chikungeni chilire. Dzanja lina ligwire kamtengo, lina liombe ndi zala zovala tizisoti touma. Woimba nadaswaram akweze chitoliro chake chachitali, mawu ake aboole mitambo ya London. Nsapato zitsale pakhomo, mapazi aponde pozizira, chifukwa amene tikuwatamanda lero sayandikiridwa ndi fumbi la mumsewu.

Muthumari Amman, ndinu! Mariamman, ndinu! Make mvula, Mwini nthomba, Chiziziritsa-thupi, Mlera-odwala, Nsanamira ya nyumba yogwa maliro kawiri. Inu okhala mwendo wina mutapinda, wina uli pansi, malawi a moto ali kumutu, njoka ya mitu isanu itakutambasulirani mthunzi. Dzanja ili lagwira mpeni, ili nthungo ya nsonga zitatu, ili mbale, ili kang'oma koning'a pakati kotchedwa udukkai. Mayi wogwira yekha ng'oma! Ife tikamaomba tikungovomera, woyambitsa ndinu.

Ndinu wa kumudzi, wa kumalire a minda ya mpunga ya Tamil Nadu, kumwera kwa India, ndinso wa ku Jaffna, kumpoto kwa Sri Lanka. Kumeneko nthomba ikalowa m'nyumba, ankati Mayi afika. Matuza otuluka pathupi ankati ndi mikanda yanu. Ankathyola nthambi za nimu n'kupachika pamwamba pa chitseko kuti wodutsa aone, abwerere, asalowe. Wodwala ankamugoneka pa masamba a nimu, thupi likanyerenyetsa n'kumamusisita ndi masamba omwewo kuti asadzikande. M'nyumba imeneyo mafuta sankathetheka m'chiwaya. Chakumwa chinali madzi a kokonati wanthete ndi chambiko chosungunula, ndipo zilonda zikauma ankamusambitsa madzi a nimu ndi ufa wa chikasu. Ine ndimagwada pa nzeru imeneyi. Wodwala sankatayidwa kuthengo, sankatchedwa wotembereredwa. Anali nyumba imene mwafikiramo Inu, wolankhulidwa motsitsa mawu, wosiyidwa apume. Pepa, Mayi wa tsamba lowawa, Mayi wa mtengo umenenso wachita mthunzi ku Chikwawa ndi ku Nsanje!

Didi-du! Wosala-chakudya-chifukwa-cha-ana, ndinu! Ku Samayapuram, pafupi ndi Tiruchirappalli, chaka ndi chaka mumasala masiku 28. Kwina konse munthu ndiye amasala kuti mulungu amve, koma kumeneko Mayi ndiye amene amakana chophika, n'kumalandira madzi a kokonati, chambiko ndi zipatso, kuti ana ake asadwale. Ochira amabwera ndi tizitsulo tasiliva tosulidwa ngati diso, mwendo kapena dzanja, aliyense ndi chiwalo chimene chinamuvuta, n'kuponya m'bokosi la zopereka. Ena amathira mchere ndi tsabola wakuda. Mchere womwewo amauthiranso ku Vaitheeswaran Koil, kufupi ndi Sirkazhi, kumene Shiva amapembedzedwa monga Sing'anga, mkazi wake Thaiyalnayaki ali chinyamulire mafuta a mankhwala, ndipo anthu amasungunula chibuma cha shuga wa nzimbe m'thamanda la Siddhamirtham kuti nthenda isungunuke chimodzimodzi. Banja la asing'anga, ife tikukuomberani m'manja!

Muoloka-nyanja, ndinu! Mu 1860 sitima ya Truro inatula Amwenye oyamba ku Durban kuti akadule nzimbe za Natal, ndipo Inu munatsika nawo. Abale athu a ku Malawi okhala ku Durban amaona khamu lopita ku kachisi wanu wa ku Isipingo nyengo ya Pasaka, amaonanso phala losasa la ufa wa chimanga limene ana anu amaphika n'kugawira aliyense wodutsa. Kwanu linali phala la mawere, ku Natal linasanduka la chimanga, Inu simunalikane.

Ndiye kunadza ulendo wa misozi. Mu 1981 nyumba ya mabuku ya ku Jaffna inapsa. Mu Julayi 1983 nyumba ndi masitolo a Atamil zinayaka ku Colombo, anthu anaphedwa m'misewu, nkhondo inabuka imene inatha mu Meyi 2009. Othawa anafika ku London ndi kachikwama kamodzi. Anagwira ntchito usiku m'malo omwetsera mafuta a galimoto, m'timasitolo ta pangodya, ena m'zipatala. Anakhala ku East Ham, ku Wembley, ku Harrow, ku Tooting, ku Mitcham. Anapeza anzawo amene anabwera kale kudzaphunzira ndi kudzagwira ntchito atayamba kukonzera malo ana anu aamuna. Ganapathi wa mutu wa njovu anakhala ku Wimbledon mu 1981, m'nyumba imene kale inali ya mpingo wa Chikhristu. Murugan wa mkondo anakhala ku Highgate, pa Archway Road, kumene Mfumukazi Elizabeth II anavula nsapato n'kulowa mu 2002. Anakhalanso ku Manor Park, kumene mu 2005 anamutsegulira kachisi wa miyala yosemedwa ku India. Ana anatsogola, Mayi anatsatira. Ku West Ealing, pa Chapel Road, kachisi woyambitsidwa mu 1991 amakutchulani Kanaga Thurkkai Amman, Wokwera-mkango, pakuti anthu anu amati Mayi ndi mmodzi, maina ndiwo ambiri. Ndipo mu 1996, pa Upper Tooting Road, m'chipinda chapamwamba, mabasi akulira pansi, Muthumari anakhazikika.

Du! Du! Du! Apa ng'oma ichedwe, chifukwa pa Tooting pali nkhani.

Ku Tooting komweko kuli chipatala cha St George's. M'nyumba ya mabuku ya sukulu yake ya udokotala muli chikopa cha ng'ombe yaikazi dzina lake Blossom. Ng'ombe imeneyi ndi imene inapatsira nthomba ya ng'ombe mtsikana wokama mkaka, Sarah Nelmes. Pa 14 Meyi 1796, ku Berkeley, Edward Jenner, amene anaphunzira udokotala pa St George's chipatalacho chikadali pa Hyde Park Corner, anatapa mafinya pa dzanja la Sarah n'kutemera pa mkono wa mnyamata wa zaka 8, James Phipps. Pambuyo pake anamutemera nthomba yeniyeni, mnyamata sanadwale. Katemera anayambira pamenepo, anayenda dziko lonse, anafika ndi kwathu komwe, kumene agogo athu ambiri ali ndi chipsera chake pamkono. Mu 1977 nthomba inagwira munthu wotsiriza mwachilengedwe ku Somalia, mu 1978 inapha munthu wotsiriza ku Birmingham, ndipo mu 1980 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalengeza kuti yatheratu. Zaka 200 chitemereni James Phipps, Mwini nthomba anadzakhala m'dera limodzi ndi chikopa cha ng'ombe imene inathetsa nthomba. Mkaka wa ng'ombe ndiwo amakusambitsani m'mawa uliwonse, ng'ombe ndiyo ana anu sayidya ndipo amayilemekeza ngati mayi, ng'ombe ndiyonso inatulutsa mankhwala. Ine pamenepa sindiona mkangano. Ndiona m'maganizo anamwino ndi madokotala a Chitamil a masiku amenewo akutuluka m'chipatala, atatopa, n'kukwera masitepe kukagwada pamaso panu. Mnansi wa chipatala, Wosachitira-nsanje-jakisoni, ndinu!

Nthomba inatha, Inu simunachoke, poti kutentha sikunathe. Kuli kutentha kwa mayi amene mwana wake anasowa pa nkhondo ija ku Vanni ndipo manda ake sakudziwika. Kuli kwa bambo wodikira mapepala zaka ndi zaka, wosaloledwa kugwira ntchito. Kuli kwa amene anamva pa foni, pa 26 Disembala 2004, kuti nyanja yadzuka n'kumeza mudzi wa kwawo. Kuli shuga, kuli kuthamanga kwa magazi, kuli khansa, kuli kusagona, kuli banja lopanda mwana, kuli nkhalamba yotsekeredwa m'nyumba yam'mwamba nyengo yozizira, yosamva chilankhulo cha adzukulu ake. Zonsezi ndi moto, ndipo ntchito yanu ndi kuzimitsa moto. Ngakhale pamene kachisi wanu anachoka ku Upper Tooting Road n'kulowera cha ku Croydon, odwala anakutsatirani. Msamuka-ndi-osamuka, Wodziwa-lendi, Wosasankha-denga!

Didi-didi-du! Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku anu. Wansembe, chifuwa chili pamtunda, chingwe chopatulika chili paphewa, akuthirani madzi, mkaka, chambiko, uchi, madzi a kokonati, ufa wa chikasu, phala la mtengo wa sandalo, chilichonse chozizira, pakuti Mayi wonyamula moto wa anthu onse ayenera kuziziritsidwa nayenso. Nsalu itchinga. Anthu adikira. Kuseri akukuvekani sari ya silika, nkhata za maluwa, nkhata ya mandimu. Belu lilira, thavil ikwera, nsalu ifunuka, ndipo nyali zizungulira nkhope yanu. Moto wa kamfa ubwera pambale kwa anthu. Aliyense atambasula zikhato pamwamba pa lawi n'kuzikhudzitsa m'maso. Phulusa loyera pamphumi, ufa wofiira pakati pa nsidze, timadzi todalitsika m'chikhato. Ku Ealing, Lachiwiri masana, amayi amadula ndimu pakati, kulifinya, kulitembenuza, kuthiramo mafuta n'kuyatsa chingwe: kanyali ka wopempha banja, ka wopempha mwana, ka wopempha kuti wa m'chipatala atuluke.

Chimene chimandigwira mtima koposa ndi archanai. Munthu amabwera ndi nthochi, kokonati ndi maluwa, n'kunong'oneza wansembe dzina la wodwala ndi nyenyezi imene anabadwira. Wansembe amalitchula dzinalo mokweza pamaso panu, kenako n'kuyamba kuwerenga maina anu 108, duwa limodzi pa dzina lililonse. Mumzinda wa anthu pafupifupi 9 miliyoni, mmene munthu amadziwika ndi nambala ya pa khadi, dzina la nkhalamba yogona pa bedi ku St George's kapena ku Ealing Hospital limamveka pamodzi ndi maina a Mayi. Kwathu wodwala akamva kuti mudzi wonse wabwera kudzazonda, amadzuka n'kumwa phala. Archanai ndi kuzonda kotero. Wotchula-dzina, Wosaiwala-wogona, Mzonda-odwala wa usiku, ndinu!

Ine ndine mlendo pakhomo panu, mdzukulu wa anthu amene ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha mvula kwa Chauta. Ndife odziwa kuti mvula ndi moyo zimapemphedwa pakhomo pa mayi, choncho ng'oma yanu sinandidabwitse, ndipo m'manja ndaomba ndi mtima wonse.

Mu Malichi 2020 zitseko za nyumba zonse zopemphereramo ku England zinatsekedwa chifukwa cha mliri. Ansembe anatsala okha m'kati, akukusambitsani ndi kukuyatsirani nyali, anthu akuonera pa foni. Kumayambiriro kwa 2021 Ahindu a ku Kingsbury ndi ku Neasden anapereka malo awo kuti anthu alandirirepo katemera wa mliriwo, okalamba n'kukhala pamzere atapinda mkono wa malaya.

Tsopano kwezani! Du-du-du-du! Mwezi wa Aadi, kuyambira pakati pa Julayi kufika pakati pa Ogasiti, ndi mwezi wanu, ndipo m'chilimwe cha ku England Mayi amatuluka m'kachisi kukaona ana ake mumsewu. Ku West Ealing galeta lalitali lamatabwa osemedwa limatuluka pa Chapel Road, apolisi atatseka misewu, anthu zikwizikwi atadzaza mpaka ku Dean Gardens. Ili ndi tsiku lobweza chowinda. Amene anati, Mayi, mwana wanga akachira ndidzagubuduka pansi, lero akugubuduka: amuna opanda malaya, kokonati ali m'manja, thupi likukhuzika pa phula, abale akuwathira madzi. Amayi asenza miphika ya mkaka pamutu. Ena anyamula miphika yadothi ya moto, masamba a nimu ali kunsi kwa zikhato. Ena amayenda mapazi angapo n'kugwada mphumi pansi, kudzuka, kuyendanso, kugwadanso, njira yonse. Anyamata a kavadi avina ndi mauta a nthenga za pikoko paphewa, ena atabooledwa tsaya ndi kamkondo kasiliva, ena ngowe zili kumsana. Musawayese amisala, inu oonera pawindo; aliyense wa awa ali ndi wodwala wake amene anadzuka, ndipo thupi lake ndilo akuthokozera. Ndalama zogwa m'bokosi la kachisi ameneyu zimaolokanso nyanja kukalera ana amasiye a nkhondo kumpoto ndi kum'mawa kwa Sri Lanka.

Mlandira-chowinda, ndinu! Mtuluka-panja, Myenda-pa-phula, Wokokedwa-ndi-zingwe-ziwiri, Mayi wa obadwira ku Jaffna ndi obadwira ku Southall! Mulu wa makokonati waunjikidwa kutsogolo kwa galeta: phwa! phwa! phwa! aphwanyeni, madzi ayenderere mumsewu. Ogawa chambiko chosungunula gawani, wa mtundu uliwonse amwe. Ophika mpunga onjezerani moto, lero palibe wobwerera ndi njala. Amuna gwirani chingwe chanu, amayi gwirani chanu, agogo a pa njinga ya olumala aikeni kutsogolo akhudze nawo. Wa thavil, menya! Wa nadaswaram, kweza! Arohara! Kokani, matayala agwedezeka, kokani, Mayi akulowa mumsewu waukulu!