Amalinyero a Ilala

Ife a ku Dwambazi tili ndi mwayi: msewu wa M5 umadutsa pakhomo, ukafuna kupita ku Dwangwa kapena ku Nkhata Bay umangoimika minibasi. Koma ukaima pamchenga m'mphepete mwa nyanja n'kuyang'ana kuvuma, cha ku Mozambique, kumbukira kuti pakati pa madziwo pali Likoma ndi Chizumulu, kumene galimoto singafike.

Kumpoto kwa Canada, ku Nunavut, midzi ilibe msewu woilumikiza, ndipo odwala, makalata ndi chakudya zimadalira ndege. Ku Likoma nakonso kuli bwalo la ndege, koma tindege take timanyamula makamaka alendo okaona malo. Mayi wa matumba a usipa ndege yake ndi sitima ya Ilala.

Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Komabe ine mtima wanga uli pa amalinyero ake. Madoko ambiri, monga Ruarwe ndi Usisya, alibe poti sitima n'kukocheza. Imaima patali, anyamata n'kutsitsa maboti ang'onoang'ono. Mwera ukawomba, boti limakwera n'kutsika ngati likupuma, iwo ali chilili, kulandira thumba la ufa, malata, mbuzi yomangidwa miyendo, kenako khanda lochoka m'manja kupita m'manja amake asanatsike makwerero. Nthawi zina ndi pakati pa usiku, nyali yokha ikuwala. Agogo akazengereza, mumamva mawu odekha: "Pondani apa, amayi, ndakugwirani."