Luso la Owerenga Mbuna ku Likoma

Ng'ombe timaziwerenga zikamalowa m'khola, koma nsomba zilibe khola. N'chifukwa chake ndimawatayira kamtengo akatswiri amene amamira m'madzi a ku Likoma ndi Chizumulu kukawerenga mbuna.

Ntchito yawo imafuna kudekha. Amayala chingwe pamiyala ya pansi pa nyanja, n'kumasambira pang'onopang'ono motsata chingwecho, uku akulemba pathabwa lapulasitiki mtundu ndi chiwerengero cha nsomba zimene aona. Akapupuluma, mbuna zimabisala m'mapanga ndipo chiwerengero chimalakwika. Kunyanja zamchere, anzawo amazindikira dolphin iliyonse pojambula chipsepse chake. Kuno diso liyenera kusiyanitsa tinsomba tofanana, tosiyana mawanga okha.

Mu 1983, Anthony Ribbink ndi anzake adasindikiza kafukufuku wotere, ndipo zidaoneka kuti mitundu yambiri ya mbuna imapezeka pachilumba chimodzi kapena pamiyala yochepa basi.

Masiku ano matope ochokera kumtunda amakwirira ndere zimene mbuna zimadya, ndipo maukonde a maso ang'onoang'ono amakokolola ndi ana omwe. Popanda owerengawa, mtundu wathunthu ungathe ife osadziwa. Tiwalemekeze, ndipo ana a ku Likoma aphunzitsidwe luso limeneli.