Wild Hogs: Alendo Anai pa Njinga, Nanga Eni Tauni?

Ambili a inu munaionapo kale filimu ya Wild Hogs, ndipo ndikhulupilila kuti munaseka. Inenso ndinaseka, sindikana. Koma pamene ndinaionanso kaciwili, kuti ndione ngati ingayenele kuonetsedwa pa madzulo athu a acinyamata, panali cinthu cimodzi cimene cinandikhala pamtima. Ndico ndifuna tikambilane pa tsamba lino.

Kwa inu amene simunaione, nkhani yake ili motele. Filimuyi inatuluka mu 2007, ndipo woitsogolela anali Walt Becker. Amuna anai a mu mzinda wa Cincinnati ku America, amene unyamata unawatha kale, ali ndi kakalabu kao ka njinga zamoto. Tim Allen ndi Doug, dokotala wa mano wotopa ndi moyo. Martin Lawrence ndi Bobby, pulambala woopa mkazi wake. William H. Macy ndi Dudley, wa makompyuta, wamanyazi. John Travolta ndiye Woody, amene cuma ndi ukwati wake zagwa koma abisila anzake. Anaiwa anyamuka ulendo wopita ku nyanja ya Pacific. Ali m'njila akangana ndi gulu la okwela njinga enieni, a Del Fuegos, ndipo Woody adula mwamseli mapaipi a petulo pa njinga za adaniwo. Ndudu igwela pa petuloyo, nyumba yao yomwelamo mowa ipsa yonse. Pothawa, petulo awathela, motelo afika m'katauni kochedwa Madrid akukankha njinga zao.

Musasokoneze ndi Madrid wa ku Spain. Uyu ali m'boma la New Mexico, pa mseu wa pakati pa Albuquerque ndi Santa Fe, ndipo si tauni yopeka ai. Apa ndipo pali dandaulo langa. Pafupifupi theka la filimu licitika m'tauniyi, koma mungaione mpaka kumapeto osadziwa kuti mukuona tauni ya mgodi.

Madrid inamangidwa cifukwa ca malasha. Nyumba, sitolo, cipatala ndi magetsi zonse zinali za kampani, monga mmene zinalili ku migodi ya kuno kwathu. Anthu a mu mgodi anali ndi timu yao ya baseball, ndipo pa Khilisimasi anali kukongoletsa mapili ndi nyale zambilimbili, kotelo kuti anthu anali kucokela kutali kudzaona. Koma masitima ataleka kugwilitsa nchito malasha, msika unatha, migodi inatsekedwa m'zaka za m'ma 1950. Mu 1954 tauni yonse inalengezedwa m'nyuzipepala kuti ili pa malonda, pa mtengo wa madola 250,000, ndipo panalibe wogula. Taganizani zimenezo, anzanga: tauni yathunthu, ndi nyumba zake, kusowa woifuna! Inakhala bwinja pafupifupi zaka makumi awili, kufikila m'ma 1970 pamene ojambula zithunzi ndi osula zinthu anayamba kugula nyumba zogumukazo imodzi imodzi ndi kuzikonza ndi manja ao.

Ife a m'Zambia nkhani yotele siticita kuuzidwa. Amene muli ndi acibale ku Kabwe mudziwa zimene zinatsatila pamene mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994: atate opanda nchito, mtovu wotsala m'dothi la ku Kasanda ndi Makululu, ndi anthu okumba pa mulu wa zotsalila kuti apeze ya ufa. Munthu wokulila pa malo otele akaona nyumba za matabwa za ku Madrid, zofanana zonse ndi zondandalikana, adziwa msanga kuti ndi komboni ya kampani. Opanga filimu anaziona nyumbazo, nazikonda cifukwa zioneka bwino pa kanema, koma nkhani ya anthu ake sanaifune.

M'malo mwake anatipatsa anthu amantha. A Del Fuegos akabwela, tauni yonse injenjemela. Mkulu wa polisi ndi munthu wosekedwa, amene zogwila mfuti anaphunzilila pa masewela a pa kompyuta. Acinyamata a m'tauni alibe nchito ina koma kumenya ng'ombe yaimuna pa matako ndi kuthawa. Ngakhale Maggie, mwini kanyumba kodyelamo, amene Marisa Tomei amsewela bwino ndithu, aikidwamo makamaka kuti Dudley apeze womukonda. Kunena zoona, zigawo za awiliwa ndizo zokoma koposa mu filimu yonse, pakuti Macy adziwa kusewela munthu wamanyazi popanda kumunyoza. Koma funso likhalabe: kodi anthu amene anadzutsa tauni yakufa angafunike alendo anai ocokela ku Cincinnati kuti awaphunzitse kulimba mtima? Ine ndiona kuti opanga filimu anaika ngwazi pa malo olakwika.

Cina cimene cinandivuta ndi bodza la Woody. Iye ndiye anabweletsa tsoka pa Madrid. Anaona moto pa kagalasi ka njinga yake, nakhala cete, nauza anzake kuti anangoopseza adani aja ndi milandu. Pamene coonadi cituluka, anzake akwiya kwa mphindi zocepa cabe. Kenaka anaiwo amenyana ndi a Del Fuegos, agwa, adzuka, agwanso, ndipo anthu a m'tauni atulukila ndi ndodo nkhondo ili pafupi kutha. Pomwepo afika Peter Fonda, monga Damien Blade amene anayambitsa gululo, nadzudzula anyamata ake. Ngakhale nyumba yopsa ija akuti inali pa inshuwalansi, mwini wake sanataye kanthu. Mlandu wonse uthela pamenepo. Woody salipila ciliconse, ndipo sindinamve akupepesa kwa eni tauni amene akanatenthedwa cifukwa ca iye. Mwana wa Sande Sukulu angakuuzeni kuti apa pasowa kanthu.

Za nthabwala za wapolisi wa pamseu amene atsatila anaiwa ku dziwe sindidzatayapo nthawi. N'zopanda mcele, ndipo ndizo zinandicititsa kuona kuti filimuyi siyenela ana aang'ono.

Kodi muione? Akuluakulu a m'gulu lathu angaione, adzaseka, ndipo njingazo n'zokongoladi zikamayenda m'cipululu. Filimuyi inapeza ndalama zoposa madola 250 miliyoni, umboni wakuti amuna ambili otopa anadziona okha mwa Doug ndi Bobby. Koma mukaiona, yang'anani kumbuyo kwa ocita sewelowo, pa nyumba zija ndi pa milu yakuda ya m'mbali mwa mapili.

Kanyumba kodyelamo ka Maggie sikanalipo kale. Anakamanga opanga filimu, ndipo pocoka anakasiya. Okwela njinga anayamba kufika m'magulu kudzajambulitsa pakhomo pake, nafunsa cakudya. Anapeza kuti eni tauni anakasandutsa sitolo yogulitsa masikipa olembedwa dzina la filimu.